Foni Isakuthereni Moto Panjira: Malangizo kwa Oyendera Mapu pa Njinga Yamoto

Aliyense amene amayenda pa njinga yamoto motsogoleredwa ndi mapu a pafoni amalidziwa vutoli. Foni imene imatha tsiku lonse m'thumba popanda vuto, mukangoimangirira kutsogolo kwa njinga n'kutsegula Google Maps kapena Waze, moto wake umatsika mukuona. Chowawa kwambiri n'chakuti nthawi zina imakhala ili pa tchaja, kachizindikiro ka mphezi kakuoneka pakona, koma manambala akutsikabe: 60, 55, 48. Munthu amathamangira kukagula tchaja ina, nayonso osathandiza.

Chimachitika n'chakuti foni ikutulutsa moto wambiri kuposa umene ikulandira, ndipo ikatentha imakananso umene mukuipatsawo. Ndiye yambani mwachepetsa zimene zikudya moto, kenako muiteteze ku dzuwa, tchaja ibwere pomaliza. Mukayambira ku tchaja mungotaya ndalama.

Ambiri amaloza chala GPS, koma si imene ili ndi mlandu waukulu. Kachipangizo ka GPS kamene kali m'foni kamangomvetsera zizindikiro zochokera ku masetilaiti amene ali kumwamba pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo sikatumiza kanthu. Mafoni ambiri a masiku ano amamvetseranso GLONASS ya Russia, Galileo ya mayiko a ku Ulaya ndi BeiDou ya China, komabe kumvetserako kumadya moto wochepa. Zimene zimameza batire ndi sikirini yoyaka mowala kwambiri padzuwa, ntchito yojambula mapu mobwerezabwereza pamene mukusuntha, ndi kufunafuna netiweki m'malo amene ili yofooka.

Onani kaye ngati batire lili bwino

Mukabwerako ku ulendo, lowani mu Settings, pitani pa Battery, muone mapulogalamu amene adya moto tsiku limenelo. Nthawi zina mumapeza kuti pambali pa mapu panali zina zimene zimadya mobisa: pulogalamu yosunga zithunzi pa intaneti, Facebook, kapena hotspot imene munaiwala kuzimitsa. Zitsekeni musananyamuke.

Pa iPhone, pomwepo pali Battery Health, pamene pamaoneka mphamvu imene batire latsala nayo. Apple imanena kuti mabatire a iPhone 14 ndi mafoni a m'mbuyo mwake anapangidwa kuti akhalebe ndi 80 peresenti ya mphamvu zake atadzazidwa ndi kutha maulendo 500, pamene a iPhone 15 ndi maulendo 1,000. Mafoni ena a Android amasonyezanso zimenezi, ndipo amene sasonyeza mungaikemo pulogalamu ngati AccuBattery kuti ikupatseni chithunzithunzi. Batire likafooka kwambiri, malangizo onse otsatirawa angokuthandizani pang'ono, chofunika ndi kulisintha. Ndipo mukaona kumbuyo kwa foni kwatukumuka kapena sikirini yayamba kunyamuka m'mbali, foni imeneyo isakwere pa njinga n'komwe. Batire lotupa, likakumana ndi dzuwa ndi kugwedezeka, likhoza kuyaka.

Tsitsirani mapu kunyumba

Iyi ndi ntchito ya dzulo lake, muli pa Wi-Fi. Mu Google Maps, dinani chithunzi chanu pakona, sankhani Offline maps, kenako Select your own map, mukokere kabokosiko mpaka kaphimbe dera lonse limene mudutse, ndi malo owonjezera m'mbali poopa kuti mwina mudzapatuka. Ulendo ukakhala wautali, tsitsani zigawo zingapo zolumikizana. Dziwani kuti mapu otsitsiratuwa amapereka njira ya galimoto, ndipo sakuuzani za kuchuluka kwa magalimoto pamsewu. Amafunanso kuwatsitsanso nthawi ndi nthawi, apo ayi amatha ntchito.

OsmAnd ndi Organic Maps, zimene zimagwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap, zinapangidwira kuyenda popanda intaneti: mumatsitsa dziko kapena chigawo chonse, basi. Waze ndi yabwino m'tauni chifukwa imakuuzani za ngozi ndi misewu yodzaza, koma imadalira intaneti kwambiri, ndiye paulendo wa kumalo ovuta netiweki si imene ndingasankhe.

Pomwepo sinthani maonekedwe a mapu. Chotsani Satellite, ikani mapu wamba a mizere, ndipo zimitsani nyumba za 3D. Zithunzi za setilaiti n'zokongola muli pampando, koma pa njinga zimangowonjezera deta ndi ntchito ya foni, ndiponso msewu umene mukuufunawo suoneka msanga pakati pa mitengo ndi madenga.

Sikirini ndiye mdani wamkulu

Njira yopulumutsa moto wambiri kuposa zonse ndi kuzimitsa sikirini n'kumayendera mawu. Mukayambitsa ulendo mu Google Maps n'kuloka foni, mawu amapitirizabe kukuuzani pokhota. Mukakhala ndi timasipika ta Bluetooth ta m'chipewa chanu, foni ikhoza kukhala m'thumba la jekete, mumthunzi, kutali ndi fumbi ndi mvula. Pamsewu wautali umene mphambano yotsatira ili makilomita makumi angapo kutsogolo, palibe chifukwa choti sikirini izingoyaka. Ine ndimaona kuti ngakhale pa nkhani ya chitetezo njirayi ndi yabwino, chifukwa maso amakhala pamsewu. Mungoonetsetsa kuti mawuwo sakutsekani makutu mpaka osamva hutala, ndipo fufuzani malamulo a dziko limene muli, popeza mayiko amasiyana pa nkhani ya zomvetsera za m'makutu kwa woyendetsa.

M'tauni yachilendo, momwe mphambano zimatsatizana pafupipafupi, mawu okha sakwanira. Pamenepo sikirini iyake, koma muisamalire. Foni ikakhala pa auto brightness, dzuwa likaiwomba imakweza kuwala mpaka pamapeto, ndipo apa m'pamene moto umathera ndi kutentha kumayambira. Ambiri amaika foni chagada, itayang'ana kumwamba, moti imalandira dzuwa lonse. Ipendekeni kuti iyang'ane nkhope yanu. Mukatero kunyezimira kumachepa, ndipo mumatha kuwerenga mapu kuwala kuli pakatikati. Kadenga kakang'ono kotchinga dzuwa pamwamba pa foni kamathandizanso kwambiri.

Dark mode, imene imasandutsa maonekedwe a sikirini kukhala akuda, imapulumutsa moto pa masikirini a mtundu wa OLED kapena AMOLED okha, chifukwa pa amenewa malo akuda amakhala ozimiratu. Pa sikirini ya LCD nyale yakumbuyo imayaka chimodzimodzi, kaya mapu ndi oyera kapena akuda. Komanso masana dzuwa lili phwee, mapu akuda amavuta kuwerenga, ndipo mukayamba kukweza kuwala kuti muwaone, phindu lija lapita. Usiku, m'mamawa ndi tsiku la mitambo, ndi abwino. Ngati foni yanu ili ndi sikirini ya 90Hz kapena 120Hz (maulendo amene sikirini imajambulanso chithunzi pa sekondi imodzi), itsitseni ifike pa 60Hz. Mapu safuna zoposa pamenepo.

Pali msampha umodzi pa Battery Saver. Pa mafoni ena a Android, ikayatsidwa imazimitsa GPS sikirini ikangozima, kapena kutseka pulogalamu imene ikugwira ntchito kumbuyo. Zotsatira zake n'zakuti mawu aja amangoti zii, inu n'kumapitirira mukuganiza kuti njira idakali yowongoka, pamene pokhota mwapasiya kale. Lowani mu Settings za pulogalamu ya mapuyo, pa Battery musankhe Unrestricted, kenako yesani pa kaulendo kakafupi kamene mukuidziwa njira, foni italokedwa. Musayesere paulendo weniweni.

Netiweki

Foni ikakhala kutali ndi nsanja ya netiweki imakweza mphamvu yake yotumizira, ndipo netiweki ikasoweratu imangofufuza osapuma. Mapu mukakhala mutawatsitsa, mukhoza kuika foni pa airplane mode. GPS imagwirabe ntchito, ndipo Bluetooth mumaiyatsanso payokha. Yambani mwatsegula mapu deta ili yoyaka, mudikire kadontho kabuluu kakhazikike pamene muli, muyambitse ulendo, kenako muzimitse netiweki, chifukwa popanda intaneti foni imachedwa kupeza masetilaiti koyamba.

Amene ntchito yawo ndi kunyamula anthu kapena katundu kudzera pa pulogalamu sangazimitse netiweki, ndipo ena amafuna kuti abale awapeze nthawi iliyonse. Zikatero chotsani 5G muike 4G, zimitsani Wi-Fi, ndipo ngati muli ndi masimu khadi awiri, mmodzi agone kaye.

Kumene mwaiika foniyo

Apple imanena kuti iPhone inapangidwa kuti izigwira ntchito pamalo otentha pakati pa 0 ndi 35°C, ndipo mafoni ena sasiyana kwenikweni ndi pamenepo. Foni yakuda, ili padzuwa, sikirini ikuyaka, ikutchajidwanso, imatentha msanga kwambiri. Ikatero imadziteteza: imachepetsa kapena kusiya kulandira moto, imadzitsitsira yokha kuwala, ndipo imayamba kuchedwa. iPhone ikafika povuta imazimitsa sikirini n'kulemba kuti ikufunika kuzizira, ngakhale mawu a njira amapitirirabe. Apa m'pamene pamachokera chodabwitsa chija cha foni yotsika moto ili pa tchaja. Ndiponso kutentha kobwerezabwereza kumakalambitsa batire la lithium mpaka kalekale, silibwereranso mwakale.

N'chifukwa chake timatumba ta pulasitiki toonekera, totchinga mvula, ndimatikayikira kwambiri nyengo ya dzuwa. Mkati mwake mumatentha ngati m'galimoto yoimikidwa padzuwa mawindo ali otseka, ndipo mphepo imene ikanaziziritsa foni imangodutsa kunja. Chikwama cha pathanki chokhala ndi windo la pulasitiki pamwamba ndi chimodzimodzi. Chogwirira chotseguka, chogwira foni m'makona kapena kumbuyo, chimalola mphepo kuiwomba pamene mukuyenda. Kava wokhuthala wa labala nayenso amasunga kutentha.

Vuto limakula mukaima. Pamzere wa magalimoto mphepo kulibe, ndipo kutentha kwa injini kumakwera m'mwamba. Mukaima kuti mupume kapena kumwetsa mafuta, ichotseni foniyo pa njinga, muiike pamthunzi. Ikatentha kwambiri, ichotseni pa tchaja, vulani kava, izizire yokha. Musaiike mu fuliji kapena kuithira madzi ozizira, chifukwa chinyontho chimatha kupangika mkati.

Palinso kugwedezeka. Mu September 2021 Apple inachenjeza kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamoto zamphamvu kumatha kuwononga tizipangizo ta kamera timene timathandiza kuti chithunzi chisagwedere komanso kuti chioneke bwino. Inalangiza kuti iPhone isamangiriridwe pa njinga zoterezi, ndipo pa njinga za injini zing'onozing'ono pakhale chogwirira chochepetsa kunjenjemera. Mafoni ambiri a Android ali ndi makamera opangidwa mofananamo. Kamera ikawonongeka motere, mukaitsegula chithunzi chimangonjenjemera chokha, nthawi zina kumamveka kaphokoso mkati. Gulani chogwirira chokhala ndi timalabala tochepetsa kugwedezeka.

Ngati muli ndi foni yakale imene ikungokhala, batire lake lili bwinobwino, imeneyo ndiye ikhale ya mapu. Sifunika simu khadi. Tsitsiranimo mapu, iikeni pa airplane mode, ndi imene izilimbana ndi dzuwa ndi fumbi, pamene foni yanu yeniyeni ili m'thumba, yodzaza, kudikira nthawi imene mungafunike kuimba. Pa malangizo onse ali pano, awa ndi amene ndimawakonda kwambiri.

Tsopano tchaja

Mphamvu ya tchaja imayezedwa m'mawati, ndipo mumawapeza pochulukitsa mavoliti ndi maampu. Werengani timalemba tating'ono pamene palembedwa Output. 5V ndi 0.5A, monga pa bowo lakale la USB la pakompyuta, ndi mawati 2.5 okha. 5V ndi 1A ndi mawati 5. Zimenezi zimadzaza foni yogona patebulo, koma foni imene ikuyendetsa mapu padzuwa ikhoza kudya zonsezo n'kumatapabe m'batire. 5V ndi 2.4A ndi mawati 12, ndipo pamenepo ndiye poyambira pabwino. Matchaja a USB Power Delivery kapena Quick Charge amafika pa mawati 18 kapena 20, bola foni yanu ikhale yogwirizana nawo. Ma iPhone, kuyambira pa iPhone 8, amatchaja mwachangu kudzera pa Power Delivery. Ngati tchaja ili ndi mabowo awiri, nthawi zambiri nambala yolembedwayo amagawana.

Zolembedwa pa matchaja otchipa sizikhala zoona nthawi zonse. Pali kachipangizo kakang'ono koyezera USB kamene mumakalowetsa pakati pa tchaja ndi waya, n'kumakuonetsani mavoliti ndi maampu amene akudutsa. Yezani injini ikulira, mapu ali otsegula, batire la foni lili chapakati. Mukaona mavoliti akugwa pansi pa 5 ndipo maampu akungoyendayenda cha pa 0.4 kapena 0.5, sinthani waya muyezenso. Kawirikawiri wolakwa amakhala waya. Wautali ndi woonda amataya mphamvu panjira. Sankhani wamfupi, wonenepa, wa mutu wopindika ngati L kuti asamatekeseke, ndipo mumangirireni pa chiwongolero, mutasiya mpata woti chizitha kukhota mbali zonse osamukoka. Waya wolendewera amagwedeza bowo la foni ulendo wonse mpaka limakhwepa, kenako foni imayamba kulandira moto modukizadukiza, kumangolira kuti ting'i, ting'i, sikirini n'kumayaka nthawi iliyonse.

Kulumikiza tchaja ku njinga kumafuna kusamala. Pa waya wochokera ku pozitivu ya batire la njinga pakhale fyuzi, pafupi kwambiri ndi batirelo. Tchaja ya mawati 20 imakoka maampu pafupifupi awiri kuchokera ku 12V, ndiye fyuzi ya 3A nthawi zambiri imakwanira, koma tsatirani zimene opanga tchajayo alemba. Popanda fyuzi, waya akakhulika pa chitsulo cha njinga, moto ukhoza kubuka pansi pa mpando pafupi ndi thanki.

Chachiwiri, tchaja yolumikizidwa mwachindunji ku batire imakoka moto pang'onopang'ono ngakhale palibe foni, makamaka ija yokhala ndi kanyale kapena manambala oyaka. Batire la njinga ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi la galimoto, ndipo njinga ikakhala masiku osayenda mukhoza kupeza ikukana kulira. Tengani moto pa waya amene amayaka pokhapokha mukatembenuza kiyi, kapena ikani relay, kaswichi kamene kamadziyatsa kokha mukatembenuza kiyi, kapena gulani tchaja yokhala ndi swichi yake ndipo muzikumbukira kuizimitsa. Samalani ndi waya wa nyale yakutsogolo: pa njinga zambiri zing'onozing'ono nyaleyi imayendera magetsi a AC, osinthasintha mbali yoyendera, ochokera mwachindunji ku injini, amene si oyenera tchaja ya USB. Chizindikiro chake n'chakuti nyale imayaka pokhapokha injini ikalira, ndipo imawala kwambiri mukaonjezera moto wa injini. Ngati za mawaya simuzidziwa bwino, apatseni amakanika odziwa zamagetsi a njinga, ndipo muwapemphe ayeze: batire lodzaza limasonyeza cha pa 12.6V injini itazima, ndipo pakati pa 13.5 ndi 14.5V ikamalira mwamphamvu pang'ono. Likamasonyeza zotsika kuposa pamenepo, njingayo payokha sikutchaja bwino, ndipo kuisenzetsa foni ndi kuonjezera vuto.

Lizani kaye injini, kenako mulumikize foni. Ndipo ilumikizeni kuyambira ponyamuka, idakali yodzaza. Kusunga foni pa 80 kapena 90 kumafuna mphamvu yochepa ndipo sikutenthetsa, pamene kuikweza kuchokera pa 15 masana dzuwa likuswa mtengo kumaitenthetsa mpaka imakana moto. Ngati foni yanu ili ndi poti muike malire a 80 peresenti, ndi abwino kwa munthu amene amakhala pa tchaja tsiku lonse.

Zogwirira zotchaja popanda waya zimachotsa vuto la bowo lokhwepa ndi la madzi, koma zimataya mphamvu ina ngati kutentha, kumbuyo kwenikweni kwa batire. M'nyengo yozizira ndi yamvula ndi zabwino. Kotentha, waya ndi amene ndingakhulupirire.

Pawa banki ndi mvula

Ngati simukufuna kukhudza mawaya a njinga, pawa banki ikukwanirani, koma musanamizidwe ndi nambala. Ya 10,000mAh imawerengedwa pa 3.7V, kutanthauza 37Wh (Wh ndi muyezo wa mphamvu yonse yosungidwa m'batire), pamene foni ya 5,000mAh imasunga pafupifupi 19Wh. Mukachotsa mphamvu imene imatayika posintha mavoliti, idzadzaza foniyo kamodzi ndi theka, osati kawiri, ndipo ngati mapu akuyenda nthawi yomweyo ndiye kucheperapo. Iikeni m'chikwama momwe sikuwombedwa ndi dzuwa komanso sikugundana ndi masipanala.

Mvula ikayamba, zulani waya. Madzi ndi magetsi zikakumana m'bowo la foni zimadya timapini ta mkati, ndipo pakapita nthawi mukasuzumiramo ndi tochi mumaona tobiriwira tokhala ngati ndere. Mafoni ambiri atsopano amazindikira chinyezi n'kukana kutchaja mpaka muume. Chenjezo limenelo musalikakamize. Gugudani foniyo pang'ono padzanja bowo litayang'ana pansi, muisiye pamphepo. Tsekaninso kachivindikiro ka tchaja ya pa njinga. Madontho a mvula amadinanso sikirini okha, kusuntha mapu ngakhale kutseka ulendo, ndiye mvula ikakula ndi bwino foni ilowe m'thumba losalowa madzi, muziyendera mawu.

Zikavuta muli pakati pa ulendo

Moto ukafika cha pa 20 ndipo palibe potchajira, musadikire kuti izime yokha. Imani pamalo abwino, kunja kwa msewu. Yang'anani njira yonse yotsala, mulembe papepala mayina a malo amene mudutse, manambala a misewu, ndi mbali yokhotera pa mphambano zikuluzikulu, m'zilembo zazikulu zoti muziwerenga mongoponya diso. Pepalalo limatani pathanki ndi tepi. Netiweki ikakhalapo, tumizirani munthu wina uthenga womuuza pamene muli ndi kumene mukulowera. Kenako tsekani mapu, ikani foni pa airplane mode ndi Battery Saver, muiike m'thumba. Ngati kukuzizira kwambiri, likhale thumba la mkati pafupi ndi thupi, chifukwa batire lozizidwa limatha kuzimitsa foni mwadzidzidzi moto udakalimo.

Muziitulutsa pokhapokha mwafika pa mphambano yokayikitsa, mutaima. Mukayandikira kumene mukupita, momwe timisewu timachuluka ndipo pepala silingathenso kukuthandizani, m'pamene muyatsenso mapu pa makilomita omalizawo, mutasiyako moto wokwanira kuimba foni.